Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: timinda tinayi ta ku Kandeu

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka inu achemwali a ku Johannesburg amene mukufunsa kuti nandolo ndi mtedza zimakhala bwanji pamzere umodzi osapanikizana. Ndiyankha pompano.

Bambo atatisiya, zaka zinangodutsa tikubzala chimanga pamunda womwewo, kaufiti n'kumachuluka. Zinthu zinatembenuka pamene pulojekiti ya zaulimi ya Africa RISING, imene inayamba mu 2012 ku Ntcheu ndi Dedza, inafika kwathu ku Kandeu, m'boma la Ntcheu. Gulu lathu la alimi linali ndi munda waukulu woyeserera njira zonse za kabzalidwe, ndipo aliyense ankatengako njira zingapo kukayesa pamunda pake.

Kayesedwe kake ndi aka. Mumadula timinda tinayi tofanana, mamita 10 mulitali ndi mulifupi, panthaka yofanana, osati kena pachulu kena kumchenga. Koyamba chimanga chokha, kachiwiri chimanga ndi nandolo, kachitatu mtedza wokha, kachinayi mtedza ndi nandolo. Mizere italikirane masentimita 75. Mtedza wa mtundu wa CG7 mubzale njere imodzi pa masentimita 15 alionse, nandolo njere zitatu paphando, mapando otalikirana masentimita 90, tsiku lomwelo. Nandolo ndi waulesi poyamba, amayamba wamiza mizu pansi, ndiye mtedza umakhwima asanauphimbe. Pokumba mtedza khasu lisayandikire tsinde la nandolo. Akatsala yekha amatambasuka, masamba n'kumayoyoka mpaka m'ngalande mwadzaza.

Chaka choyamba sichinena zambiri. Yankho lili m'chaka chachiwiri, pamene timinda tonse mwabzala chimanga cha mtundu umodzi, feteleza wofanana, n'kukolola kamunda kalikonse m'thumba lake ndi kuyeza padera. Amene amasakaniza zokolola pangolo wataya ntchito ya zaka ziwiri. Ndipo kamunda ka chimanga chokha kaja musakachotse poganiza kuti n'kongowononga malo. Popanda iko mudziwa bwanji kuti phindu labwera ndi nandolo, osati ndi mvula?

Tsono mbuzi. Alamu anga aja, amene mukuwadziwa kuchokera gawo lachitatu, anamasula mbuzi zawo anthu atangotha kukolola chimanga, nandolo ali m'maluwa. Zinayamba nsonga, zinathyola nthambi, kenako zinasenda makungwa, mitengo n'kutsala yoyera. Atafunsidwa anati, "Mlamu, chilimwe munda ulibe mwini." Mawu amenewo akundiwawabe. Ena mwa inu munati ndinakhwimitsa mtima potengera nkhaniyi kwa amfumu. Ayi. Nandolo wa mtundu wa Mwaiwathualimi amakhala m'munda miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, wamakolo kupitirira apo, ndiye popanda lamulo la mudzi loti mbuzi zikhale pachingwe, njirayi siingatheke.

Mdani wina ndi mbozi zoboola makoko. Muziyendera munda maluwa akangoyamba, chifukwa mbozi ikalowa m'khoko mankhwala saipeza. Masangwi a mtedza ndi masamba a nandolo muwakwirire m'mizere, osatentha, poti chonde chili mmenemo.

Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo unagwa ndipo anzathu ambiri anamusiya. Ife tinapitiriza, chifukwa ndiwo tinali nazo, nkhuni zinalipo, ndipo chimanga chotsatira nandolo chinkaoneka chobiriwira kuposa cha kamunda ka chimanga chokha kaja. Gawo likubwerali ndifotokoza mmene mlandu wa mbuzi unathera kubwalo.