Makina oumitsira zovala atasiya kutentha

Makina athu oumitsira zovala kuno ku Highfield, mumzinda wa Harare, ankazungulira bwinobwino, koma zovala zinkatuluka zili zonyowa, ndipo m'nyengo ya mvula kuyanika panja n'kovuta. Nditazula pulagi, ndinatsegula kumbuyo n'kuyeza ndi multimeter, chida choyezera magetsi. Waya wotenthetsa unali bwino, koma fyuzi yoteteza makina akatentha mopitirira inali itapsa. Fyuzi yotereyi ikapsa sikonzedwa, ndipo kawirikawiri imapsa chifukwa ubweya wa zovala watseka njira ya mpweya. Ena amangolumikiza mawaya molambalala fyuziyo, zimene ine sindingavomere, pakuti zingayambitse moto m'nyumba. Ndinayamba ndachotsa ubweya wodzaza manja awiri m'paipi ya kumbuyo, kenako ndinaika fyuzi yatsopano yofanana nambala ndi yakaleyo, imene ndinaipeza ku msika wa Siyaso, ku Mbare.