Masipika a m'chitseko ndinaika ndekha, koma phula la padenga lija ayi

Musanagule chilichonse chomata m'chitseko cha galimoto kuti phokoso lichepe, chinunkhizeni kaye. Chikamveka fungo la phula la pamsewu, chisiyeni pomwepo, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Ndikulemba ndikadali wokwiya.

Galimoto yanga ndi ka Toyota kaja kochokera ku Japan, ndipo msewu wochoka kuno ku Ulónguè kutsikira ku Tete, kudzera pa Mussacama ndi Moatize, unali utagwedeza zonse za m'zitseko. Sipika ya kumanja inang'ambika, chitseko chimangolira phwerephwere nyimbo ikafika pa ng'oma. Ndinagula masipika a mainchi 6.5, a 4 ohm. Zolembedwa pa katoni zoti 300 W kaya 400 W zisakutengeni mtima, yang'anani nambala ya RMS, imene imasonyeza mphamvu yeniyeni yopitirira, osati ya kamphindi chabe. Wailesi wamba yolembedwa 50 W x 4 imatulutsa pafupifupi 15 mpaka 22 W RMS pa sipika iliyonse, ndiye sipika yolemera kwambiri popanda ampu (chokwezera mphamvu ya mawu) ndi kutaya ma meticais.

Tsono nkhani ya chomata. Pa shopu ina mumzinda wa Tete ndinafunsa butyl, chomata cha mphira choletsa chitsulo kunjenjemera, ndinatchula dzina lake momveka. Mnyamata anatulutsa mpukutu wonyezimira nati, "Achimwene, ndi yomweyo imeneyi, a masipika onse amatenga pano." Chinali chija amamatira malata odontha padenga, siliva pamwamba, phula pansi. Kwathu ku Angónia kumazizira, ndiye chinagwira bwinobwino osaonetsa vuto. Okutobala atafika ndinatsikira ku Tete, galimoto n'kuima padzuwa masana onse. Amene mumadziwa Tete mukudziwa kuti kumapitirira madigiri 40, ndipo chitsulo cha chitseko chimatentha koposa pamenepo. Phula linasungunuka, linatsetsereka mpaka pansi pa chitseko, lina n'kumata galasi. Galasi limakwera ndi mizere yakuda, fungo m'galimoto losapumika, ana mutu kuwawa.

Ndinabwerera pa shopu paja ndi chidutswa m'manja. Yankho lake linali loti katundu akatuluka sabwerera. Mwini shopu sanadzuke n'komwe pampando. Ndalama zinapita, koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi tsiku lathunthu lopala phula ndi palafini, dzanja lili m'kabowo ka chitseko, zitsulo zikundicheka. Linali litatsekanso timabowo ta pansi pa chitseko totulutsira madzi a mvula. Timabowo timeneti musatitseke ndi chilichonse, madzi akaima m'menemo dzimbiri limayamba.

Butyl weniweni ndinachita kutumiza munthu wochokera ku South Africa. Sanunkha phula, ndipo mukakoka kachidutswa amatamuka ngati chingamu osathimbirira zala.

Kumasula chitseko sikovuta. Chotsani waya wa negativo ku batire. Masikuluwu amabisala kuseri kwa chotsegulira chitseko ndi m'kati mwa chogwirira. Mukawachotsa, tukulani chikuto cha m'kati mwa chitseko kuyambira pansi ndi kachitsulo kokulunga nsalu, makilipi aphulike limodzilimodzi, kenako muchikweze m'mwamba. Musachikoke msanga chifukwa waya wa batani la galasi akadali kumbuyoko. Makilipi gulirani ena pasadakhale, a galimoto zakalezi ndi ouma, amathyoka ndithu.

Pulasitiki yomatidwa m'kati ija musaing'ambe. Imatchinga madzi kuti asafike ku chikuto. Imatuleni pang'onopang'ono, mudzaibwezeretsa.

Chimene palibe anandiuza n'chakuti masipika a Toyota ambiri samangidwa ndi masikuluwu, ndi maliveti. Mumachita kuboola mitu yake ndi dirilu, ndipo zotsalira zikagwera m'chitseko muzitole, apo ayi zizilira m'mabampu. Sipika yatsopano sikhala pa mabowo akale, imafuna mphete yokhalira. Ya MDF (thabwa la utuchi wopanikiza) imafufuma ikanyowa, tengani ya pulasitiki kapena dulani pulaiwudi muipake penti mbali zonse. Musanamange, tsitsani galasi mpaka pansi muone ngati siligunda maginito a sipika. Apa ndiye kuti mwabwezera batire kwakanthawi.

Ndibwerere ku chomata. Simufunika kumata chitseko chonse. Gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena theka la chitsulo chakunja, ndi lokwanira kuletsa kunjenjemera. Gogodani ndi chala, pamene pakulira kwambiri ndi pamene mumate, makamaka kuseri kwa sipika. Koma pukutani kaye ndi sipiliti mpaka nsalu izituluka yoyera. Fumbi la malasha la ku Moatize limalowa paliponse, ndipo pa fumbi palibe chogwira. Dulani tizidutswa tolowa m'bowo, kanikizani mwamphamvu ndi chogwirira cha sikuludilaiva mpaka mpweya wonse utuluke pansi pake. Valani magolovesi, siliva uja amacheka. Ndipo ndikubwerezanso, nunkhizani musanalipire. Ngati mukukayika, pemphani kachidutswa mukaike padzuwa pa boneti kwa ola limodzi.

Mawaya musangopota ndi tepi, m'kutentha kuja tepi imamatuka. Wotcherani ndi solida kapena gwiritsani zolumikizira zokanikiza. Kuti mudziwe positivo pa sipika, gunditsani mawaya ake ku batire ya tochi ya 1.5 V: pepala la sipika likatulukira kunja, waya umene uli ku mutu wa batire ndiye positivo. Mukasemphanitsa mawaya m'chitseko chimodzi, besi imasowa ngakhale masipika akhale okwera mtengo.

Yatsani wailesi, kwezani ndi kutsitsa galasi, yesani loko, zonsezi chikuto chisanabwerere. Zitseko zakumbuyo sindinazikhudze, butyl amene anabwera anakwanira zakutsogolo zokha.