Za ulendo wa ku Domasi uja, ndi m'mene sipoyila ya mnzathu inayalukira

Amene simunapite pa ulendo wa gulu lathu la amakaniki Loweruka lija mwanditopetsa ndi mafunso, ndiye nayi nkhani yake, koma za chenji cha ndalama ya mafuta musandifunse ine, kafunseni msungichuma.

Tinagwirizana 7 koloko pa Matawale koma tinanyamuka cha m'ma 9, anthu 11, ena pa pikapu ya a tcheya, enafe mu ka Vitz ka mnzathu uja amene anamangirira chisipoyila kumbuyo ngati thandala loyanikapo mbale. Pa Chinamwali tinadikiranso wina amene ankangoti "ndili pafupi amwene" mpaka dzuwa kutentha. Pa Songani nthochi, kenako Domasi.

Tinkakaona anyamata a galaji ina kumeneko ndi mdala wawo, amene anakhalitsa ku Joni ndipo ankakonda kukaonera mpikisano wa galimoto wotchedwa drag ku Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp. Ife tinapitira za mawaya a magetsi a galimoto, koma mdala atangoona ka Vitz kakulowa pageti anaseka mpaka kukhosomola, pulogalamu yonse inasinthira pomwepo.

Anayamba ndi kutionetsa mavidiyo pa foni. Drag ilibe makona, ndi galimoto ziwiri pa msewu woongoka, woyamba kufika wawina basi. Zoopsa kwambiri ndi za ku America zotchedwa Top Fuel, injini yake imamwa nitromethane osati petulo, horsepower cha m'ma 11,000, ndipo zimadutsa mamita 305 masekondi 4 asanakwane zili pa sipidi yoposa makilomita 500 pa ola. Kale zinkathamanga mamita 402 koma bungwe loyendetsa mipikisanoyi la NHRA linadula mtundawo mu 2008 dalaivala Scott Kalitta atafa pa ngozi ku Englishtown, ku America komweko. Poima mabuleki okha sakwana, amatulutsa maparachuti.

Ndiye anatifunsa kuti ana anga, pikapu yopanda katundu ikatitimira m'matope nthawi ya dzinja matayala akungozungulira, mumatani? Tonse tinayankha kuti timauza anthu akwere kumbuyo adumphedumphe. Akuti eya, mphamvu injini ili nayo, chikusowa ndi choti chikanikize tayala pansi. Koma pa mpikisano sungakweze anthu chifukwa injini iyenera kuwanyamulanso, ndiye anzathuwo amakweza mphepo. Phiko limene amaika kumbuyo kwa galimoto zimenezi, lomwe sipoyila imatsanzira, ndi la ndege lomwe koma lozondotsa, la ndege limakwezera m'mwamba, ili limapondereza pansi. Ine zaka zonsezi ndikugwira sipanala sindinaziganizepo choncho.

Apa ndi pomwe panakoma. Magetsi kunalibe ngati mwa masiku onse, ndiye anyamata ake anatenga fani ya radiyeta n'kulumikiza ku batire, anabwereka sikelo ya manambala ija yoyezera nyemba pa okala yapafupi, n'kuimikapo kachidutswa ka lata kopinda pa timiyendo ta waya. Fani itayamba kulira, lata litayang'ana ngati phiko la ndege, nambala pa sikelo inatsika pang'ono. Atalitembenuza inakwera. Palibe anaikapo dzanja, tinachita kusuzumira pansi pa tebulo kuona ngati pali matsenga. Kenako mdala anapendeketsa lata lija kwambiri, nambala inakweranso koma timiyendo tinayamba kuwerama chakumbuyo, kunjenjemera, mpaka lonse linauluka kukagwera mu beseni la oyilo wakuda n'kumwazira a tcheya pa shati yoyera. Mdala osatekeseka, akuti mwaona, mphepo sigwira ganyu yaulere, ikakupanikizira pansi imakukokeranso m'mbuyo. Ukapendeketsa phiko kwambiri matayala amagwira bwino koma sipidi ya kumapeto imadyeka, ukaligoneka galimoto imapepuka koma matayala akhoza kuyamba kupota pakati pa njira, ndiye amakaniki a kumeneko amakhalira kusinthasintha kapendekedwe kake malinga ndi nyengo ndi m'mene msewu ukugwirira tsiku limenelo.

China chomwe chinandikhala m'mutu ndi masamu ake. Sipidi ikawirikiza kawiri mphamvu ya mphepo siwirikiza kawiri, imakhala kanayi. Ndiye phiko lomwelo pa 500 limakanikiza pafupifupi ka 70 kuposa pa 60. N'chifukwa chake kumapeto kwa msewu phiko la Top Fuel limapondereza ndi mphamvu yoposa kulemera kwa galimoto yonseyo, yomwe imangopitirira tani imodzi pang'ono, pomwe ponyamuka penipeni phikolo ndi katundu chabe. Poyambira zimadalira zimatayala zonenepa zomwe amayamba azipotetsa mpaka utsi kuti zitenthe, guluu amene amapopera pa msewu, komanso mapaipi a ekizozi oloza m'mwamba amene nawonso amakankhira galimoto pansi.

Kaphiko kakang'ono ka kutsogolo nakonso si kokongoletsa. Chachikulu chija chikapondereza kumbuyo mphuno imafuna kudzuka, mphepo ikangolowa kunsi galimoto imaima chilili n'kugadabuka chagada. Zoima chilili zinamuchitikira dalaivala wa drag Don Garlits mu 1986 ku Englishtown komweko, tinaonera kavidiyo kake katatu. Mkulu yemweyu ndi amene anatchukitsa zoika injini kumbuyo kwa dalaivala mu 1971, giya itamuphulikira mu 1970 n'kumudula mbali ya phazi.

Titadya nsima ya usipa mdala anati tiyeni tikaone ndege ya mnzanuyi. Anagwira sipoyila ija ndi zala ziwiri n'kuigwedeza, yonse gwedegwede, inangomangidwa ndi timasikuluwu tinayi pa lata la chitseko cha kumbuyo pomwe phiko lenileni miyendo yake imakafika ku tchesisi. Kenako anafunsa kuti mwana wanga, galimoto yakoyi imakoka ndi matayala ati? Akuti akutsogolo bambo. Nanga ukupondereza akumbuyo kuti atani? Ndiye pa sipidi ya pakati pa Chinamwali ndi depoti, ndi mahampu onse aja, chomwe ikuchita sipoyilayo ndi kukumwera petulo amene ukugona naye pa mzere. Tinaseka mpaka misozi, ngakhale kunena zoona ambiri tinkasekawo tinamangirapo makasitomala zinthu ngati zomwezi n'kulandira ndalama.

Pobwerera aliyense dzanja panja pa windo, kulipendeketsa uku ndi uku ngati ana a sukulu, pa 80 limachita kumveka likukankhidwa. Mwini Vitz anakhala chete mpaka pa Songani, kenako akuti sipoyila sachotsa chifukwa makasitomala ake amazindikirira yomweyo pa renki. Anyamata a ku Domasi abwera kwathu mwezi wa mawa kudzamaliza za mawaya zija, amene ali ndi batire yabwino abwere nayo, ndipo a tcheya akuti sopo wa shati agule ndi gulu.