Ma like si mavoti, abale anga

Inu ofuna ukhansala ndi uphungu kuno ku Mzuzu, tsamba la Facebook lokha silingakupatseni mpando. Ambiri amene amakuchemererani m'ma comment ali ku Johannesburg kapena ku Lilongwe, ndipo m'kaundula wa MEC wa wadi yanu mulibe mayina awo. Mayi wogulitsa usipa mumsika sangathere bandulo yake ya TNM kapena Airtel pa vidiyo yanu ya mphindi 20, iyayi. Koma voice note yaifupi ya m'Chitumbuka, yokamba za matope a mumsewu wa ku Mchengautuwa kapena madzi ku Zolozolo, imeneyo imazungulira m'magulu a WhatsApp a kumpingo ndi a banki m'khonde, pofika madzulo dera lonse lamva.

Chondinyansa ine n'zotsatira zabodza zija. Mavoti asanathe n'kuwerengedwa komwe, wina wajambula kale manambala ake n'kumwaza. Wolengeza zotsatira ndi MEC basi. Ndipo musaiwale lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security, anthu amangidwapo nalo chifukwa cha zolemba pa intaneti. Ma admin a magulu, muzifufuta zoterozo msanga chonde.