Mmene ndinachepetsera zowonongeka pamunda, ndi tsiku limene linandithera pa benchi

Tsopano mtima wakhala m'malo, chifukwa ntchito yokonza kayendetsedwe ka munda wanga motsatira njira yochepetsa kuwononga yotchedwa lean yayamba kuonetsa zipatso. Njirayi inachokera ku kampani ya Toyota ku Japan, kumene injiniya wake Taiichi Ohno anatchula mitundu 7 ya kuwononga, monga kudikira, kuyendayenda kopanda phindu, kuunjika katundu ndiponso kupanga zinthu zoposa zimene ogula akufuna. Zonsezi pamunda zilipo, ndipo musanasinthe kanthu muyenera kuziona ndi maso anu n'kuzilemba m'kope.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi kuyezetsa dothi. Munthu sangachepetse feteleza mwanzeru asanadziwe chimene nthaka ikusowa, choncho ndinatapa dothi m'malo osiyanasiyana mpaka masentimita 20 pansi, n'kulisakaniza bwino ndi kulemba dzina pathumba lililonse. Ku ofesi yoyeza anandilipiritsa n'kundipatsa tsiku lodzatenga zotsatira, koma nditapita ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kuuzidwa kuti matumba anga asokonekera ndi a munthu wina ndipo ndikatape dothi lina. Panalibe ngakhale wopepesa. Tsiku lathunthu linapita pachabe pa nyengo yokonza minda, pamene ntchito inali itandithina. Motero ikani kapepala kena ka dzina lanu m'kati mwa thumba, sungani lisiti, ndipo dothi lina lizitsala kunyumba.

Zotsatira zitatuluka zinaonetsa kuti nthaka ili ndi asidi wambiri, pH yake (muyeso wa asidi umene umatsika asidi akachuluka) ili pansi pa 5.5. M'nthaka yotere fosifolasi, chimodzi mwa zakudya za mbewu, amamangika moti mizu imalephera kumuyamwa, ndiye chofunika chinali laimu osati kuwonjezera feteleza, amene wotsala wake amakokoloka ndi mvula kukaipitsa mitsinje.

Ndisanaiwale, zonsezi zisanachitike ndinali nditasamutsira kale zida pafupi ndi pogwirira ntchito, chilichonse pamalo pake, chifukwa nthawi yambiri inkathera kufunafuna khasu kapena kheni yothirira. Ndinayambanso kufesa pang'onopang'ono molingana ndi zimene ogula apempha, kuti zokolola zisamaolere m'munda, ndipo zinyalala zonse zimapita ku dzenje la kompositi m'malo mozitentha. Izi sizinandivute ngakhale pang'ono. Koma za dothi zija ndibwerezanso: musapereke lonse ku ofesi, lina lizitsala kunyumba, pouma ndiponso lolembedwa bwino.