Momwe ndinatchingira khonde la pa fulati kuti mwana asagwe

Ntchito yotchinga khonde la pamwamba kuti mwana wongoyamba kuyenda asagwe si yaikulu ayi, ndipo mmisiri wodziwa kuwotcherera akhoza kuimaliza popanda vuto, koma kwa ife amene timachita lendi m'mafulati a kuno ku Chipata, chimene chimadya nthawi ndi ndalama ndi chilolezo. Ndikulemba izi ntchito itatha, mtima uli m'malo, ngakhale kuti ndikakumbukira ofesi ya ejenti amene amatolera lendi ya nyumba yathu mkwiyo umabwereranso.

Khonde lathu linali ndi zitsulo zofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, koma amene anazipanga ankangofuna kuti nyumba ioneke bwino kuchokera kumsewu. Panali zitsulo zogona zimene kwa mwana ndi makwerero enieni, ndipo zoimirira zinali zotalikirana masentimita 15. Muyeso umene muyenera kuusunga m'mutu ndi masentimita 10. Malamulo a zomangamanga a ku South Africa ndi a ku Britain amanena kuti mpata uliwonse pa zitsulo za khonde usalole mpira wa masentimita 10 kudutsa, ndipo kutalika kwa chotchingacho kusachepere mita imodzi ku South Africa, pamene ku Britain ndi mita 1.1. Chifukwa chake n'chakuti mwana wamng'ono akatsogoza miyendo thupi limadutsa pampata pamene mutu sungadutse, ndiye kapena agwa kapena atsala lendelende khosi litapanikizika. Yezaninso mpata wa pansi, pakati pa simenti ndi chitsulo choyamba, chifukwa umenewo anthu ambiri sauyang'ana, chonsecho mwana wokwawa amayambira pomwepo.

Pangano lathu la lendi limaletsa kusintha chilichonse panyumba popanda chilolezo cholembedwa, choncho ndinapita ku ofesi ya ejenti ndi zithunzi za khondelo mu foni. Mnyamata amene ndinamupeza anandimvetsera bwinobwino, kenaka anati, "Amayi, nkhani ngati imeneyi imafuna kuti tibwere tidzaone kaye, ndipo kubwera kwathu ndi K400." Ndinafunsa kuti adzaona chiyani chimene sichikuoneka pa zithunzi, iye anangoti ndi mmene ofesi imayendera. Ndinalipira chifukwa mwana anali atayamba kale kukoka mpando kupita nawo kuchitseko, ndipo lisiti anati ndidzatenge mawa popeza buku linali ndi bwana. Palibe amene anabwera. Nditabwererako anandiuza kuti pempho la pakamwa silikwanira, pakufunika kalata. Nditapereka kalata yolemba pamanja anati ikhale yotayipa. Nditaitayipitsa, wosayina anali atapita kumaliro ku Katete, ndipo atabwerako kumalirowo anali "atangotuluka pang'ono", kutuluka kumene kunanditayitsa tsiku lathunthu nditakhala pabenchi, kuntchito nditapempha, mwana ndili naye kumbuyo padzuwa la Okutobala. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti nthawi yonseyo anthuwo anali asanawauze n'komwe eni nyumba.

Ndinadziwa zimenezi mayi wina wachikulire wa pafulati ya pansi, amene wakhala panyumbayi zaka zambiri, atandipatsa nambala ya a landilodi, amene amakhala ku Lusaka. Ndinawaimbira n'kuwafotokozera, iwo anangofunsa ngati khoma lidzagumulidwa, ndipo nditawatsimikizira kuti tidzangoboola pomangira mabawuti anavomera nthawi yomweyo. Za K400 sankazidziwa. Choncho ngati muli ndi ejenti, funafunani njira yolankhulira ndi eni nyumba enieniwo musanapereke ngwee iliyonse, ndipo akavomera apempheni kuti alembe, ngakhale pa WhatsApp pokha. Mu uthengawo mukhale mfundo ziwiri, yoti ndalama ya chikole imene munapereka polowa sidzadulidwa chifukwa cha maboo a pakhoma, ndi yoti zitsulozo zidzakhala za ndani tsiku limene mudzasamuke. Ife tinagwirizana kuti zidzatsala panyumba, ndipo theka la mtengo wake lichotsedwe pa lendi.

Ndisanaiwale, chinthu choyamba kuchita, chimene sichifuna chilolezo cha munthu, ndi kutseka chitseko cha kukhonde. Atate ake a mwana anakhoma kachitsulo kotsekera pamwamba penipeni pa chitseko, pamene ngakhale mwana wa zaka zisanu ataimirira pampando sangafike, ndipo tinauza mtsikana amene amatithandiza ntchito kuti akatuluka kukayanika zovala, mwana azikhala kumbuyo kapena chitseko chizikhala chotseka. Kenaka tinachotsa zonse zimene zinali pakhonde. M'mafulati khonde ndi nkhokwe ya chilichonse: thumba la makala, mbaula, zidebe, mgolo wosungira madzi, kampando kochapira, miphika ya maluwa. Chilichonse mwa zimenezi chimamukweza mwana kuti chifuwa chake chipitirire chitsulo chapamwamba, ndipo poti mutu wa mwana wa msinkhu umenewu ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lake, akangosuzumira pansi umamukoka. Zidebe zili ndi ngozi yachiwiri, chifukwa mwana akagweramo chamutu madzi ochepa kwambiri ndi okwanira kumupha. Mgolo tinaugulira chivindikiro cholimba n'kuusamutsira kubafa, chingwe choyanikira tinachikweza, ndipo mbaula tsopano timayatsira pansi panja.

Pa zipangizo, ndinayenda m'masitolo a hadiweya a ku Down Shops ndipo ndinalangizidwa zosiyanasiyana. Ena anati waya wa nkhuku ndi wotchipa, ndipo n'zoona, koma umapindika mwana akautsamira, umachita dzimbiri mvula ikangoyamba, ndiponso nsonga zake zimacheka zala. Neti yobiriwira ya pamunda yomangidwa ndi timalamba tapulasitiki ndiyo ndinaikaniratu, popeza dzuwa la kuno limaumitsa timalambato mpaka timathothoka tokha, ndipo choipa chake n'chakuti khonde limaoneka lotetezeka, anthu n'kusiya kuyang'anira mwana. Waya wolimba wa mabokosi, umene amati weld mesh, ndi wabwino, koma mabokosi ake akakula zala za kumiyendo zimalowamo, ndiye mwamupangira makwerero ena. Ndinaona kuti m'malo molimbana ndi kukwera, kuli bwino kutseka khonde lonse kuyambira pansi mpaka kudenga ndi zitsulo zoimirira zamphako za mbali zinayi, zimene amati square tube, kuti ngakhale mwana akwere asapeze potulukira.

Mmisiri amene tinamupeza ku Kapata ndi waluso, koma anazolowera kupanga zotchinga mbava, zimene mipata yake amangoiyeza ndi maso. Ankafunanso kuikamo maluwa opindapinda, akuti khonde lisaoneke ngati ndende. Ndinawauza kuti, "Bambo, maluwawo ndiwo mwana adzapondepo, ndipangireni zowongoka." Pa mipata sindinafune kukangana nawo, ndinangopita kwa kalipentala kukadulitsa kathabwa ka masentimita 9, n'kuwapatsa kuti azikalowetsa pakati pa zitsulo ziwiri zilizonse asanawotcherere. Ndinasankha 9 dala kuti dzanja likaphonya pang'ono tisapitirire 10. Muwauze momveka kuti muyesowo ndi wa mpata weniweniwo, chifukwa amisiri ambiri amayeza kuchokera pakati pa chitsulo china kufika pakati pa chinzake, ndiye mawerengedwe a zitsulo zogula amasokonekera. Kathabwako musakataye, kadzakuthandizani polandira ntchito musanamalize kulipira.

Mukatseka khonde lonse musaiwale za moto. Fulati yathu ili ndi khomo limodzi lotulukira kumasitepe, ndipo moto utabuka kukhitchini khonde ndilo lingakhale pothawira. Tinapangitsa kachitseko kakang'ono kumtunda kwa zitsulozo, kokhoma ndi loko, ndipo kiyi wake amakhala pamsomali pamwamba mkati mwa nyumba, pamene wamkulu aliyense wa m'nyumbamu akudziwa.

Tsiku limene amisiri aja anabwera ndi makina awo kuti awotcherere pakhonde pomwepo, magetsi anathima asanayambe n'komwe, ndipo kubwereka jenereta yokhoza kuyendetsa makinawo pamodzi ndi mafuta ake kukanawonjezera mtengo kwambiri. Tinasintha nzeru, iwo anakapangira mafelemu kumalo awo ogwirira ntchito nthawi imene magetsi analipo, n'kudzangowamangirira kukhoma ndi kudenga ndi mabawuti aja amati rawl bolt. Njira imeneyi ndi yabwinonso chifukwa moto wowotcherera sugwera pa zovala za oyandikana nawo a pansi, ndipo eni nyumba akadzafuna kuchotsa sadzagumula chilichonse. Onetsetsani kuti mabawuti alowa mu njerwa kapena konkire, osati mu pulasitala yokha, ndipo akamaliza gwedezani felemu lililonse ndi mphamvu zanu zonse iwo akuona. Mowotcherera monse apale ndi galayinda, inu mudutsemo ndi dzanja kuti mumve ngati patsala chobaya. Penti yoyamba ikhale ya red oxide yoteteza dzimbiri, ndipo ngati mungathe malizani zonse mvula ya Novembala isanayambe. Mwana asapiteko mpaka penti itaumiratu, chifukwa chitsulo chilichonse chimene wachigwira amachilumanso.

Ndibwerezenso za ejenti, chifukwa sanathere pamenepo. Ntchito itatha, mnyamata uja anaona zitsulozo akudutsa pamsewu, ndipo anakwera kudzandiuza kuti ndaphwanya pangano pomanga kalata yanga isanasayinidwe, ndiye pakhala chindapusa. Ndinamusonyeza uthenga wa a landilodi mu foni, anauwerenga kawiri, n'kunena kuti akanakonda ndikanadzera ku ofesi. Ndinamukumbutsa kuti ku ofesiko ndinadzerako, ndipo K400 yanga idakali komweko. Musapereke ndalama iliyonse popanda lisiti m'manja nthawi yomweyo, ndipo chilolezo chichokere kwa eni nyumba, cholembedwa. A landilodi anandilonjeza kuti alankhula nawo, koma mpaka lero ndikafunsa ku ofesiko amandiuza kuti buku la malisiti lidakali ndi bwana, ndipo ndaganiza zoti lendi ya mwezi wamawa ndidzapereke yoperewera K400, nditaphatikizapo kalata yotayipa yofotokoza chifukwa chake.