Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Mayina asanu pa envelopu

M'gawo lapitali ndinakusiyani titangosamukira ku Trenton, ku America, ine ndi mnyamata wanga, m'kanyumba kaja kampope wodontha usiku wonse. Lero tifike pa Malichi 2023, mwezi umene ndinasiya kunyoza basiketibolo kuti ndi ntchemberembaye ya anyamata.

Nthawi imeneyo ndinkasamalira agogo ena aamuna ku Princeton, ulendo wa pa basi kuchokera kwathu. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, miyendo itatha koma pakamwa pali pawo. Pa 16 Malichi anandiletsa kuwadyetsa mpaka mpira uthe. Timu ya yunivesite ya Princeton inkasewera ndi Arizona ku Sacramento pa mpikisano waukulu wa makoleji wa NCAA. M'chigawo chawo Arizona inali pa nambala 2, Princeton pa 15, ndiye aliyense ankati angopita kukaperekeza anzawo. Mpira unatha 59-55, Princeton itapambana. Supu inazizira m'mbale, agogo akupukuta misozi ndi nsalu ya pakhosi ija ndinawamangirira kuti asadzithire chakudya.

Atapuma anandiuza kuti kochi wa timuyi, Mitch Henderson, anali wosewera mu 1996 pamene Princeton inagonjetsa UCLA 43-41, ndipo kochi wake wa nthawiyo, Pete Carril, anali atangomwalira mu 2022. Patapita masiku awiri anyamatawo anathibula Missouri 78-63, kenaka Creighton inawatulutsa 86-75.

Ine mutu unali kwina. Mnyamata wanga anali ndi zaka 16, kutalika koti polowa m'bafa ankaweramitsa mutu, ndipo ankasewera kusukulu kwawo. Mumtima ndinati basi, fizi yapezeka. Chaka cham'mbuyo ndinali nditapereka kale ndalama za maovataimu a miyezi iwiri kwa bambo wina amene analonjeza kutumiza mavidiyo a mwanayu kwa makochi. Foni yake mpaka lero imangoitana. Ndinaulula zimenezi kwa agogo, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

Anati, "Mwana wanga, pano palibe amene amalipiriridwa sukulu chifukwa cha mpira."

Ndinkayesa akucheza. Koma ndi zoona. Princeton ili m'gulu la mayunivesite asanu ndi atatu lotchedwa Ivy League, pamodzi ndi Harvard, Yale, Penn, Brown, Columbia, Cornell ndi Dartmouth, ndipo onsewa anagwirizana kuti sikolashipu ya zamasewero kulibe. Thandizo la fizi amaliona potengera mmene banja limapezera. Kuyambira chaka chomwecho mabanja ambiri opeza ndalama zosapitirira $100,000 pachaka sankalipiranso kalikonse ku Princeton. Apa ndinakhala tsonga, chifukwa ife tinali pansi penipeni pa mzere umenewo. Koma kuti mwana alowe, kochi amangomuikira kumbuyo. Omaliza ndi a ofesi yosankha ophunzira, ndipo iwowo amayang'ana magiredi. Kochi wa kumeneko amasodza m'dziwe laling'ono: mwana akhale wodziwa mpira, wanzeru m'kalasi, komanso wololera kukana sukulu zina zomulonjeza zaulere. N'chifukwa chake amafika kutali pofufuza. Katswiri wawo wa chaka chimenecho, Tosan Evbuomwan, anamupeza ku Newcastle, ku England, mwana wa bambo wa ku Nigeria.

Chimene chinandipweteka ngati timu ndi yanga ndi lamulo lina. Ku Ivy League ukamaliza digiri yoyamba, kusewerako kwatha. Anyamata amenewa anataya chaka cha 2020-21 pamene ligi yonse inaimitsa masewero chifukwa cha Covid, choncho anali ndi chaka china m'thumba, koma chokadyera kwina. Mwa osewera asanu amene ankayamba masewero, atatu anachoka nthawi imodzi. Evbuomwan anapita kukayesa mwayi wa NBA, ligi yaikulu ya akatswiri a basiketibolo. Ryan Langborg, amene anamwetsa mapointi 22 pa Missouri, anapita ku Northwestern. Keeshawn Kellman analowera ku Florida Gulf Coast. Ine amene ndinasewerapo GK pa ntchemberembaye ku sekondale ndimadziwa mmene bwalo limakulira anzako atatu akasowa, ndipo ife tinkakhala asanu ndi awiri. Awa amakhala asanu okha.

Madzulo ena ndinapeza mnyamata wanga ali pa tebulo la kukhitchini, akulemba kuseri kwa envelopu. Ankapanga timu ya chaka chotsatira ngati a Henderson amutuma. Matt Allocco ndi Caden Pierce anawalemba osaganiza kawiri, poti ndiwo anatsala mwa oyamba. Pierce uja anali wa chaka choyamba koma pa Missouri anatola mipira 16 yobwerera pa mphete. Blake Peters anamuika chifukwa cha dzanja lake loponya patali. Zach Martini anati ndiye azilimbana ndi zimphona pansi pa mphete, ngakhale kuti timuyo ikhala yofupikirapo.

Pa dzina lachisanu tinakangana mpaka mpunga kupserera.

"Xaivian Lee, amayi. Wa ku Toronto uja."

"Kamwana kowonda kaja? Akangokakhudza kagwa."

"Amayi, inu mumaona thupi. Onani mapazi ake."

Ndivomere pano pagulu kuti anandiposa. Nyengo ya 2023-24 itayamba, asanu oyamba anali omwewo, Lee n'kukhala m'gulu la osewera oopsa mu ligi yonse, ndipo Pierce anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu Ivy League. Agogo aja sanaione nyengo imeneyo mpaka kumapeto, koma imeneyo ndi nkhani ya gawo lina.

Tsiku la mkanganolo, ndikukolopa mphika wopserera, ndinafunsa kuti envelopuyo yachokera kuti. Anati ndi zakusukulu, zopanda ntchito. Ndinapukuta manja pa chitenje n'kuitembenuza. Inali ndi dzina langa, yotsegulidwa kale ndi mpeni wa buledi, ndipo m'kati munali lipoti la teremu. Chingerezi B, mbiri B, masamu C. Pa Chemistry panali D wonenepa bwino.

Ndinakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye. Ndinamubwezera cholembera chake, envelopu ili chagada, mayina asanu aja ali pansi.